Maduku a Asake ndi Sitima ya M'mwamba

Khwe, khwe, khwe, khwe. Phokosolo linkayamba anthu atagona, majenereta a mumsewu wathu atazima limodzilimodzi. Linkamveka ngati wina akukoka unyolo palata mosafulumira, kenako n'kungoti zii. Apo m'pamene Asake ankasiya kupuma. Pakapita kamphindi kunkabwera mkokomo wa zitsulo zikutsetsereka, mawindo n'kumanjenjemera, ndipo pomaliza madzi ankamveka akukhavuka m'zigubu.

"Baba Ibidun, mwamva?"

"Ndamva," anatero Dotun, mwamuna wake, nkhope ili m'pilo. "Ndamva kuti mkazi wanga analembedwa ulonda kupaki osandiuza."

"Lero yathamanga kuposa dzulo."

"Ukaikalipire mawa. Gona, Iya Ibidun."

Kuseri kwa mpanda wa Alhaja Sikirat, kumene banjali linkachita lendi zipinda ziwiri, kale kunali bwalo la ocheka matabwa. Chaka chimenecho anthu ena anagula malowo n'kumangapo paki ya masewera, yoyamba kuno ku Apata. Anaikamo akatungwe, timagalimoto togundana, ndi akavalo a pulasitiki ozungulirazungulira. Koma chimene Ibadan yense ankakamba chinali sitima ya m'mwamba, yoyenda panjanji zopotana ngati matumbo a mbuzi. Ana anaitcha Bongololo. Pakiyo inali isanatsegulidwe, ndipo usiku amisiri ankaiyesa sitimayo atakhazika zigubu zodzaza madzi m'mipando m'malo mwa anthu.

Ibidun, mtsikana wawo mmodzi yekhayo, amene makolo ake amaitanidwa ndi dzina lake mwa mwambo wa kuno, Iya kwa mayi ndi Baba kwa bambo, ankafuna kukwera Bongololo. Mayi ake sankafuna. Nkhani ya m'nyumbamo miyezi imeneyo inali yomweyi, m'mawa ndi madzulo.

Asake ntchito yake ndi kumanga gele, maduku ouma aja amene mkazi wa kuno sangapite nawo ku ukwati osavala. Sukulu anailekera pakati pa sekondale, mimba itaoneka, ndipo azakhali ake ogulitsa nsalu ku msika wa Gbagi ndiwo anamuphunzitsa kupinda nsaluyo mpaka itaima pamutu ngati duwa. Manja ake ndi ofulumira, ndipo samangira anthu awiri mofanana. Amayang'ana kaye chipumi cha munthu, makutu, ndi mmene amanyamulira khosi. Loweruka m'mamawa khonde la Alhaja limadzaza ndi amayi atakhala pamipando yaifupi, aliyense akuti ndine ndinafika poyamba.

Koma Ibidun anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono ngati botolo la mafuta odzola, ndipo anakhala m'bokosi lagalasi kuchipatala mpaka Asake anaiwala maonekedwe a dzuwa. Kuyambira pamenepo maso ake sanapumenso. Nsomba ya mwanayo amaisankha minga kawiri. Akamayenda mumsewu amadziwa ngalande iliyonse imene chivundikiro chake chinasweka. Njinga yamoto sakwera ngati woyendetsayo akutafuna chingamu, akuti munthu wotafuna maganizo ake ali m'kamwa. Ibidun anakula ndithu, zaka zisanu ndi ziwiri, wowonda ngati bango koma wa liwiro ngati mbuzi yothawa, ndipo akatsokomola kamodzi mayi ake amakhala ataika kale dzanja pachipumi.

Padenga la nyumba ya Alhaja, poyanika zovala, pamaoneka paki yonse. Asake anayamba kuchapa tsiku lililonse, ngakhale zovala zoyera kale, kuti azikwera pamenepo. Anaona mayi wina wamfupi wa chipewa chachikasu akuyenda m'mbali mwa njanji m'mawa uliwonse, akugwira magudumu ndi kuseri kwa dzanja ngati woyesa kutentha kwa mwana. Anaonanso tsiku lina sitimayo italephera kukwera phiri lachiwiri, n'kubwerera chambuyo, kupita, kubwera, mpaka kuima pakati ngati mwana wokana sukulu. Amisiriwo sanadabwe n'komwe. Anaikoka ndi chingwe, kumasula magudumu, kuika ena. Asake anatsika pamakwerero n'kukapeza Dotun.

"Chinthu chobwerera chambuyo chokha, ndiye mukweze mwana wanga?"

"N'chifukwa chake akukweza madzi," anatero Dotun, amene ntchito yake ndi kukonza mafiriji. "Firiji nayonso ndimaiyesa ndi madzi ndisanaike nyama ya munthu."

"Mwana wanga si nyama ya munthu."

Kenako uthenga unafika, kumzikiti ndi kutchalitchi komwe. A paki anati asanatsegule zenizeni, akufuna anthu oyandikana nawo abwere kwa masiku angapo, akwere chilichonse ulere, ndipo anene chimene chawavuta kuti chikonzedwe. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti anthu abwere atavala zopepuka.

Alhaja Sikirat atamva mawu amenewo anaika pansi mbale ya amala, nsima yakuda ya kuno.

"Zopepuka? Atiitana kukakolopa kodi? Munthu akakuitana pakhomo pake patsopano umapita ngati wothawa moto?"

Kuno kwathu kuitanidwa ndi kuitanidwa. Pasanathe sabata amayi a mumsewu anali atagwirizana nsalu imodzi, yofiirira ngati khungu la lalanje lakupsa, ndi gele lagolide. Atelala sanagone. Tsikulo litafika Asake anayamba kumanga mitu kusanache, ndipo la Alhaja analimanga pomaliza, lalikulu kuposa onse, lotambasuka ngati mchira wa nkhukutembo, moti potuluka pakhomo anachita kupendeketsa mutu.

Asake anali ndi nzeru yake yobisa. Ali padenga anaona ndodo yoyezera msinkhu pakhomo la Bongololo, yokhala ndi mzere wofiira. Mwana wosafika pamzerepo sakwera. Ibidun nthawi zonse amaluka tsitsi lokwera m'mwamba, koma madzulo a dzulo lake mayi ake analimasula n'kuliluka logona, lomatirira kumutu, ndipo m'mawa anamuveka nkhwaira zopyapyala kuposa zonse.

"Amayi, bwanji lero mwandiluka ngati mnyamata?"

"Kukutentha."

Atafika pandodopo Ibidun anaimirira njo, chibwano m'mwamba. Mtsikana woyezayo anaika chikhatho pamutu pake. Mutuwo unapitirira mzere ndi chala chimodzi.

Dotun anaseka mpaka anatsamira mpanda. "Iya Ibidun, ukanamumeta mpala! Kapena ukanamukumbira kadzenje."

"Lero ayi," anatero Asake, osamuyang'ana mwanayo. "Tione kaye akuluakulu."

Ibidun sanalire. Anangoyang'ana bambo ake, ndipo bambo akewo anasiya kuseka. "Mwana ndi wa tonse awiri," anatero Dotun motsitsa mawu, "koma sindimukweza iwe usanalole. Ungodziwa kuti masiku oyeserera akatha, pano pazilowa ana obwera pagalimoto. Ife tizidzaonera padenga."

Pamzere panali chipwirikiti kale. Mnyamata wotseka zitsulo za m'mipando anali atapempha amayi kuti avule maduku awasiye pashelefu.

"Wati chiyani?" anafunsa Alhaja.

"Amayi, lamulo likuti chilichonse chimene chingauluke..."

"Iwe, mayi ako ndi ndani? Si Iya Rasaki wogulitsa tsabola uja? Ndinakunyamula ndine uli ndi mamina mpaka pachibwano, lero ukundiuza kuti ndivule kumutu pagulu? Duku ili wamanga ndi Iya Ibidun. Ngakhale mkuntho wozula malata sungaligwedeze."

"Sungaligwedeze!" anavomereza amayi ena kumbuyo.

Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku, koma wamkulu wake anali kuchipinda cha mabatani. Mwana woleredwa bwino sakangana ndi anzawo a mayi ake. Anawerama, n'kuyamba kutseka zitsulo.

Khwe, khwe, khwe. Masana phokosolo linkamveka lina, chifukwa pamwamba pake panali nyimbo. Amayi a kutchalitchi anayamba ya kwawo, a kumzikiti akuwerenga mapemphero, ndipo sitima yonse inkanyezimira golide ikukwera. Asake anagwira phewa la Ibidun mwamphamvu mpaka mwanayo anati, "Amayi, mukundipweteka." Pamwamba penipeni nyimbo inaduka. Bongololo anaweramitsa mutu, n'kugwa.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka ku msika. Ndipo pokhota poyamba maduku anayamba kuuluka. Limodzi, awiri, kenako onse pamodzi, ngati nkhanga zodzidzimutsidwa m'munda. Lina linakodwa pamtengo wa mango, lina linagwera m'mafuta a mayi wokazinga zitumbuwa za nyemba, lina linatsika pang'onopang'ono mpaka pamutu pa kavalo wa pulasitiki. Anthu pansi anagwa ndi phwete. Koma la Alhaja, chifukwa cha kukula kwake, linayandama nthawi yaitali, kuzungulira, n'kukatera panjanji kutsogolo, pafupi ndi pamene sitima imathera.

Pomwepo kunamveka kulira kwa mabuleki, tswii, ndipo Bongololo anaima. Anaima m'mwamba, pamalo athyathyathya pakati pa mapiri awiri, kutalika kuposa denga la Alhaja.

Paki yonse inati zii. Asake anakokera Ibidun pafupi. Zimene ankaopa miyezi yonse ija zinali pamaso pake, ndipo chochititsa chinali ntchito ya manja ake.

Kenako mawu anatsika kuchokera kumwamba.

"Asake! Asake iwe! Uza anthu amenewo atseke maso! Ndili mbulanda kumutu!"

Mayi wa chipewa chachikasu uja anatuluka m'chipinda cha mabatani osathamanga n'komwe. Anakwera makwerero a m'mbali mwa njanji ndi anyamata awiri, kumasula zitsulo mpando umodziumodzi, n'kumatsitsa amayiwo atagwirana manja. Palibe anavulala, ngakhale chikhadabo. Alhaja anatsika pomaliza atafunda kumutu mpango wa paphewa, akutukwana mwana wa Iya Rasaki chifukwa chowalola kukwera ndi duku.

Asake anapita kwa mayi wa chipewayo n'kugwada.

"Anti, ndine ndinamanga madukuwo. Pepani. Ndakuwonongerani sitima."

"Dzukani, dzukani. Ine ndine Bolarinwa." Anamuyang'anitsitsa, nkhope n'kuwala. "Aa, si inu a padenga? Anyamata, bwerani mudzaone, a Inspekitala atsika! Mayi inu, zovala zanu zimauma liti? M'mawa uliwonse timati tiyeni tigwire bwino, akutiona."

Asake anafuna nthaka imumeze. Koma Anti Bolarinwa anamugwira dzanja, iye atagwira la Ibidun, n'kupita nawo pamene panagwera duku. Anawaonetsa kabokosi kakang'ono m'mbali mwa njanji, kokhala ndi kagalasi.

"Aka ndi diso. Alipo ambiri njanji yonseyi. Duku litaphimba apa, makina anaganiza kuti kutsogolo kwaima sitima ina, ndiye anagwira iyi pamalo oyamba pamene ingaime bwino. Siinawonongeke. Yachita zimene tinaiphunzitsa."

"Ndiye ikangoona chinthu chosachidziwa imaima?"

"Imaima. Waya akamasuka imaima, magetsi akathima imaima, ngakhale buluzi akagona padisopo imaima. Sitima iyi ndi yamantha kuposa inu, a Inspekitala." Anatola dukulo n'kulikutumula. "Ife tinaiyesa ndi madzi mpaka kutopa. Koma zigubu sizivala gele, sizikangana ndi mwana wa Iya Rasaki, sizinena kuti mpando ukuwotcha. N'chifukwa chake tinakuitanani."

Kuyambira tsiku limenelo Asake anasiya kuchapa zoyera. Ankalowa pachipata ngati wina aliyense, Ibidun ali kumbuyo, n'kukaima pamthunzi pafupi ndi pokwerera. Potulukira pankakhala mtsikana wofunsa aliyense kuti zayenda bwanji, ndipo anthu a ku Apata safuna kufunsidwa kawiri. Wina anati mipando ikuwotcha ntchafu masana, ndipo m'mawa mwake pokwerera panali denga la lona. Mkazi wa abusa anadziluma lilime chifukwa sitima inkaima mwadzidzidzi pomaliza, ndipo anakaonetsa lilimelo kwa aliyense wovala chipewa chachikasu. Usiku umenewo Asake anamva sitima ikuyenda n'kuima, kuyenda n'kuima, ndipo kutacha inkafika pothera mofatsa ngati mkwatibwi. Pamwamba pa maso aja anaikapo tizipewa tachitsulo. Pansi pa mokhota anamangapo ukonde, umene madzulo aliwonse unkakhala ndi zipewa za abambo, nkhwaira, ndipo tsiku lina mano oikirira amene mwini wake sanabwere kudzawafunsa.

Tsiku lina Asake anaona mayi wonenepa atakhala ndi kamnyamata kowonda mpando umodzi. Chitsulo chinatsika n'kuima pamimba pa mayiyo, kwa mwanayo n'kutsala mpata. Anathamanga kukamuuza Anti Bolarinwa, mawu akuphatikizana.

"Ifenso tauona," anatero Antiyo. "Mwana sangatulukepo, tinayeza, koma amaterereka ndipo amachita mantha. Malamba afika mawa. Tibwerekeni Ibidun wanuyo, ndi wowonda bwino."

"Sakwera!"

"Sitima idzakhala chiimire, mayi. Magetsi ndidzathimitsa ndekha."

Mawa lake Ibidun anakhazikidwa mumpando wa Bongololo woima, amisiri akumanga lamba, kumasula, kufupikitsa, kumufunsa ngati likumufinya. Mwanayo anakhala mowongoka ngati mfumukazi, manja onse pachitsulo, maso ali kuphiri loyamba. Atatha anamutsitsa. Iye anangosisita mpandowo kamodzi asanachoke.

Zonse zinkakonzeka kupatula nkhani ya maduku. A paki anakhoma chikwangwani choletsa gele, ndipo amayi a msewu wathu anangosiya kukwera. Ankabwera ndithu, atavala bwinobwino, n'kukhala pamabenchi kumadya chimanga chootcha, misana atalozetsa kwa Bongololo.

"Mutu wanga wosavala ankaudziwa malemu amuna anga okha," anatero Alhaja. "Lero waudziwa Ibadan yense ndi mbalame zomwe. Ndikwerenso? Ndi duku langa, kapena ayi."

"Koma munasangalala, Alhaja," anatero Dotun.

"Ndani wakufunsa, wa mafiriji iwe? Ee, ndinasangalala. Mimba inakwera mpaka kukhosi, ndinamva ngati ndine mtsikana. Ndiye n'chifukwa chake zikundipweteka."

Anti Bolarinwa anadziwa kuti kuno Loweruka anthu adzabwera kupaki akuchokera ku maukwati, ndipo sitima yothamangitsa amayi ovala bwino idzayenda yopanda anthu. Anamufunsa Asake ngati pali kamangidwe kena, kotsika, kogwira, koti mkazi n'kuonekabe kuti wachokera kwa anthu koma mphepo osapeza pogwira.

Asake anavomera msangamsanga, chifukwa imeneyo inali ntchito ya pansi. Anapinda nsalu mwa mtundu wina, mapiko n'kuwagoneka chakumbuyo, mfundo n'kuibisa pankhongo. Madzulo anthu atatuluka, amisiri anabweretsa zigubu zija, zokhala ndi kamutu kozungulira pamwamba, ndipo iye anazimanga maduku chimodzichimodzi. Anyamatawo anazitcha maina. Chonenepa anati ndi Alhaja, n'kumachigwadira popereka moni. Sitima inanyamuka ndi amayi a madzi atavala golide, ali phee, ndipo inabwera maduku onse ali m'malo. Amisiri anaomba m'manja.

M'mawa mwake mpongozi wa Alhaja, dzina lake Kudirat, anadzipereka kuyesa. Asake anamumanga chimodzimodzi. Sitima itabwera, Kudirat anali kuseka misozi ili mbwembwembwe, duku lili mu ukonde.

"Linayambira pati kumasuka?" anafunsa Asake. "Kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Ndidziwa bwanji, mlongo wanga? Ndinali kukuwa."

Anayesa kamangidwe kena. Pazigubu kanagwira, pa Kudirat kanauluka. Anafunsa Alhaja kuti tsiku lija mphepo inalowera mbali iti.

"Mwana wanga, ine ndinatseka maso n'kumaitana Mulungu ndi maina ake onse. Ukufuna ndikhale ndikuyeza mphepo?"

Anafunsa Dotun, amene anali atakwera kangapo. Iye anati abambo chipewa amachikhalira. Anafunsa Anti Bolarinwa, ndipo iye anatambasula manja. "Chigubu sichigwedeza khosi. Munthu amaponya mutu kumbuyo potsika, amaukhotetsa pokhota, amatuluka thukuta. Ine ndingakuuzeni liwiro la sitima, koma za nsalu pamutu ndi zanu. Ndikanakhala inu ndikanakamva ndekha."

Asake anaseka ngati wamva nthabwala, n'kunyamula nsalu zake.

Loweruka madzulo, kutatsala tsiku limodzi kuti masiku oyeserera athe, anali kukhitchini akusankha masamba a ndiwo pamene anamva mawu pakhonde. Anasuzumira. Ibidun anali atalumikiza zitini za nsomba ndi ulusi, n'kuzikoka pamwamba pa mtondo wogonekedwa pansi. M'zitinimo munali miyala, uliwonse atauveka kansanza kagolide kotola pansi pa mpando wa mayi ake. Chidole chake chokha, chija amagona nacho, chinali pambali, chitatsamira khoma.

"Khwe, khwe, khwe," ankatero Ibidun. Kenako anatembenukira chidolecho, n'kusintha mawu, kuwapanga otsika ndi othamanga. "Lero ayi. Tione kaye akuluakulu. Usayandikire, ugwa. Bwera ndikugwire pachipumi."

Mawuwo anali ake a Asake, ndendende, mpaka kapumidwe komwe. Chidolecho chinangokhala pakhomapo, maso ake a mabatani ali pazitini.

Asake anabwerera kukhitchini n'kukhala pampando. Masamba anawasiya m'beseni. Anakumbukira bokosi lagalasi lija, ndi namwino wina amene anamuuza tsiku lotuluka kuti, mayi, mwanayu tamutulutsa m'bokosi, musakamuikenso m'lina. Nthawi imeneyo anangoti ee, osamva.

Dotun atabwera kuntchito anapeza Ibidun atakhala pansi pakati pa miyendo ya mayi ake, tsitsi logona lija likumasulidwa.

"Kodi kwasiya kutentha?" anafunsa.

"Khalani pansi, Baba Ibidun, ndipo musaseke."

"Ine? Ndinasekapo liti m'nyumba muno?"

Asake anagawa tsitsilo ndi chipeso n'kuyamba kuluka chokweza m'mwamba, mmene mwanayo amakondera. Mizere inkatuluka yowongoka.

"Mawa ndidzimanga ndekha duku," anatero. "Ndikakwera ulendo woyamba, ndekha, mpando wakutsogolo, maso osatseka. Ndikufuna ndimve pamene mphepo imalowera. Likauluka ndimanganso ndikwerenso, mpaka ligwire, kuti Alhaja akwere masiku oyeserera asanathe."

Ibidun anafuna kutembenuka, koma mayi ake anamugwira mutu. "Khala bwino, ndikupotoza mzere."

"Nanga akuluakulu akatha kuona?" anafunsa Dotun.

"Ndikatsika ndili ndi miyendo yanga, ulendo wotsatira ndikhala ndi uyu pambali panga. Lamba ndimanga ndine, Anti Bolarinwa aliyang'ane, ine ndiliyang'anenso."

Mwanayo sanathenso kupirira. Anadumpha, tsitsi theka loluka theka lili nyankhalala, n'kuthamangira pakhonde akukuwa kuti Alhaja, Alhaja, amayi alola. Mawu a Alhaja anamveka kuchokera m'chipinda chawo, akuti aleluya ngakhale ndi Msilamu, ndiponso kuti wina akauze mwana wa Iya Rasaki asunge mpando wachiwiri.

Dotun anayang'ana mkazi wake. "Ukuopa?"

"Kwambiri."

"Ndikakugwire dzanja?"

"Inu mukaime pansi pa ukonde," anatero Asake, akutola chipeso. "Mukandigwirire duku. Ndipo kamubwezeni mwanayo, sindinamalize kumuluka."